Chisanu ndi Mmera wa Nyemba: Zimene Mankhwala Angathe Kuchita

Mvula ikakata, chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuomba, alimi a kumapiri a Dedza, Ntcheu ndi Ntchisi amatsikira kumadimba kukabzala nyemba, zimene zidzawapatse ndiwo ndi ndalama pamene minda ya kumtunda yauma. Koma nyemba zimenezi zimalowa m'nthaka m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene ku Dedza, boma lokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, usiku umazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo m'zigwa, m'mene mpweya wozizira umatsetserekera ndi kukhazikika chifukwa cha kulemera kwake, udzu umatha kudzuka utayera ndi chisanu. Mlimi akapeza mapando ambiri osamera amadandaula kuti mbewu inali yakale, kapena kuti mbewa zafukula. Koma nthawi zambiri wolakwa ndi kuzizira, kumene kunachita ntchito yake mbewu isanatulutse n'komwe muzu.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa nyemba, soya ndi khobwe, poyamba pake ndi tsiku limodzi lokha. Mbewu youma ikagona m'dothi lonyowa imamwa madzi mofulumira, kotero kuti ya soya iyenera kumwa madzi olemera ngati theka la kulemera kwake isanamere. Ndipo m'maola 24 oyambawo, tizikopa topyapyala tokuta maselo a m'kati mwake, timene tinakwinyika pamene mbewu inkauma, tiyenera kutambasuka ndi kulumikizana bwino. Tizikopa timeneti n'topangidwa ndi mafuta. Monga mafuta a nyama amaundana m'mbale m'mawa wa Julayi, momwemonso tizikopato timalimba madzi akakhala ozizira pansi pa madigiri 10, ndipo m'malo motambasuka timang'ambika, shuga ndi mchere wa m'mbewu n'kumatayikira m'dothi. Maganizo akuti kuzizira kumavulaza zomera za kumaiko otentha poumitsa mafuta a tizikopa anawakhazikitsa James Lyons ndi John Raison mu 1970, ndipo kufikira lero ndiwo maziko a maphunziro amenewa. Nsawawa, imene ndi mbewu ya nyengo yozizira, imapirira. Khobwe, mwana wa mu Africa muno, ndiye amavutika msanga.

Tsoka silithera pamenepo, pakuti shuga wotayikayo amaitana nkhungu za m'nthaka, makamaka zotchedwa Pythium, zimene zimakonda dothi lozizira ndi lonyowa, ndipo zimaoletsa mbewu kapena kudula mmera pakhosi utangotuluka. Mmera umene wapulumuka uli ndi mdani winanso amene ambiri sangamuganizire, ndiye dzuwa la m'mawa. Tsamba limene lazizidwa usiku wonse limagwira ntchito yake yopanga chakudya pang'onopang'ono, koma kuwala kumalifikira ndi mphamvu zake zonse. Mphamvu yotsalayo imasanduka zinthu zaukali zimene zimawononga maselo, ndipo n'chifukwa chake masamba amaoneka achikasu ndi ofota ngakhale mizu ili m'chinyontho.

Tsono mankhwala otetezera mmera ali m'magulu awiri, ndipo n'kofunika kuti mlimi asawasokoneze. Gulu loyamba ndi lokutira mbewu, monga thiram ndi metalaxyl, limene silichotsa kuzizira ayi, koma limaletsa nkhungu kuti zisadye mbewu pa masiku amene ikuchedwa kumera. Awa ndiwo mankhwala oyesedwa kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinganene mosakayika kuti kwa mlimi wa m'dimba lozizira ndiwo oyamba kuwaganizira. Mbewu yokutidwa imapakidwa utoto kuti aliyense adziwe kuti ndi poizoni: isaphikidwe, isapatsidwe nkhuku, ndipo woibzala asambe m'manja. Amene amathira tizilombo tothandiza soya kupanga timfundo ta pamizu achite zimenezo tsiku lobzala lomwelo, popeza mankhwala ena a nkhungu amafooketsa tizilomboto tikakhala nawo nthawi yaitali.

Gulu lachiwiri ndilo lochititsa chidwi, chifukwa silimenyana ndi mdani wa kunja, koma limadzutsa chitetezo chimene Mlengi anaika kale m'chomeracho. Wotchuka m'gululi ndi salicylic acid, amene anthu anayamba kumupeza m'makungwa a msondodzi, ndipo ndiye kholo la asipirini amene Felix Hoffmann anapanga ku kampani ya Bayer mu 1897. Zomera zimapanga zokha mankhwalawa zikagwidwa ndi matenda, ndipo amakhala ngati uthenga woyenda m'thupi lonse la chomera kuti chikonzekere. Mu 2000, Tissa Senaratna ndi anzake a ku Kings Park, mumzinda wa Perth ku Australia, anafalitsa zimene anapeza ataviika mbewu za nyemba ndi tomato m'madzi okhala ndi asipirini kapena salicylic acid wochepa kwambiri, kapena kuthirira mmera ndi madzi omwewo: zomerazo zinapirira kuzizira, kutentha ndi chilala kuposa zimene sizinalandire kanthu. Chimene chimachitika n'chakuti chomera chochenjezedwa chimachulukitsa zida zake zosukulutsira zinthu zaukali zija, kotero kuti usiku wozizira ukafika chimakhala chitavala kale. Asayansi ena ayesanso calcium chloride, amene amalimbitsa tizikopa, ndi glycine betaine, amene amateteza maselo kuti asaume.

Pano ndiyenera kuima pang'ono ndi kuchenjeza, pakuti safunsa anadya phula. Muyeso umene unathandiza ku Perth unali wa mamiligalamu 18 mpaka 90 a asipirini pa lita imodzi ya madzi, ndiye kunena kuti piritsi limodzi la mamiligalamu 300 likwanira malita 10. Ndipo munthu woganiza kuti mapiritsi khumi adzaposa limodzi adzapha mmera wake ndi manja ake, chifukwa mankhwalawa akachuluka amaletsa kumera ndi kupinimbiritsa mizu. Kuwonjezera apo, nyemba sizikonda kukhalitsa m'madzi, ndipo kuziviika m'madzi ozizira otungidwa mbandakucha kungadzetse chivulazo chomwecho chimene tikuchithawa. Ndiponso palibe mankhwala amene angapulumutse nyemba madzi a m'masamba ake ataundana kukhala ayezi. Amene tawatchulawa amathandiza pa kuzizira kosafika poundanitsa madzi, osati pa chisanu chotentha masamba usiku umodzi.

Chifukwa chake nzeru zakale sizinathe ntchito. Mlimi wochenjera sabzala nyemba pansi penipeni pa dambo, pamene mpweya wozizira umagona, koma m'mbali mokwera pang'ono. Amabzala dzuwa litafunditsa dothi, osati m'mamawa, ndipo sakwirira mbewu mozama. Mmera ukatuluka amathirira masana, popeza dothi lachinyontho limasunga kutentha kwa dzuwa kuposa louma, ndipo usiku umene kumwamba kuli mbee, kopanda mtambo kapena mphepo, ndiwo amauopa koposa, nayala udzu pa timitengo pamwamba pa mbande zake. Masiku a chiperoni, ngakhale amazizira thupi, mitambo yake imatchinga kutentha kwa nthaka kuti kusathawe, ndipo chisanu sichigwa kawirikawiri.

Zimene zinapezeka ku Australia zinayesedwa pa zomera zosamalidwa ndi asayansi, osati m'dimba la mlimi, ndipo dothi la ku Dedza ndi mitundu ya nyemba zathu ziyenera kudziyankhira zokha. Ndikupempha akatswiri a kumalo ofufuzira za ulimi a ku Chitedze ndi ku Bembeke, amene nyemba akuzidziwa bwino, kuti ayese njira yotsika mtengo imeneyi pa mbewu zimene anthu athu amabzala, nauze alangizi muyeso woyenera. Ndipo inu, owerenga, ngati mufuna kuyesa chaka chino, yambani mwafunsa mlangizi wa m'dera lanu, ndipo muyese pa mizere iwiri yokha, ina yonse muibzale monga mwa masiku onse, kuti pokolola mudzathe kusiyanitsa.