Nyuzipepala M'sukulu za Nchito ya Welofeya

Anthu a m'makomboni a migodi ndi m'matauni amadziwa anchito a Welofeya, amene amaceza m'nyumba kukaona mabanja obvutika ndi ana osowa cisamaliro. Nchito imeneyi imaphunziridwa ku sukulu zapamwamba, ndipo aphunzitsi ena sagwiritsa mabuku okha ai, koma amabweretsanso nyuzipepala m'kalasi.

Nkhani imodzi imene ophunzira a ku Britain amaiwerenga kawiri-kawiri ndi ya Maria Colwell. Mwana ameneyu analeredwa ndi azakhali ace zaka zingapo, koma m'caka ca 1971 bwalo la milandu linalola kuti abwerere kwa amai ace. Aneba ndi aphunzitsi anaona kuti mwanayo ali kuonda ndiponso ali ndi mabala, nauza akulu a nchito. Koma mu January 1973 Maria anafa mu mzinda wa Brighton, atamenyedwa ndi mwamuna wa amai ace. Anali ndi zaka 7 zokha.

Nyuzipepala zinalemba za imfa iyi masiku ambiri, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Boma linaika akulu ofufuza, ndipo pa misonkhano yao khamu linanyoza mai wa Welofeya amene ankayang'anira mwanayo, kotero kuti apolisi anamteteza. Koma lipoti la 1974 linaonetsa kuti colakwa cacikulu cinali cakuti a Welofeya, a sukulu ndi ena sanali kuuzana zimene aliyense anaona.

Tsono mphunzitsi amapatsa ophunzira zinthu ziwiri: zolemba za nyuzipepala ndi lipoti la ofufuza. Ophunzirawo amazilinganiza, nayankha mafunso otere: Kodi mtolankhani wapatsa yani mlandu? Nanga wasiya ciani? Kodi mau a mwana mwini anamveka? Motero amazindikira kuti nyuzipepala imakonda kufuna munthu mmodzi womuloza cala, pamene lipoti limafufuza dongosolo lonse la nchito.

Amaphunziranso kuti nyuzipepala iri ndi mphamvu yocita zabwino. Mkwiyo wa anthu unafulumiza Boma: mu 1974 anayamba kusunga maina a ana amene ali pangozi, ndipo lamulo la Children Act la 1975 linapatsa mphamvu zina kwa olera ana a eni.

Komabe mphamvu yomweyo iri ndi kuopsya kwace. Wanchito woopa kunyozedwa angathe kulanda mwana kwa makolo popanda cifukwa cokwanira, ndipo kuteroko nakonso kumapweteka mwana. Cifukwa cace wophunzira ayenera kuzolowera kuweruza mwa zimene waona ndi maso ace m'nyumba, ndi kulemba zonse, ndi kuuza anzace msanga. Amayeneranso kusunga cinsinsi ca banja pamene atolankhani amfunsa.

Phunziro lotsiriza likhudza anthu onse. Aneba a Maria sanakhale cete; cimene cinasoweka ndico kumva mau ao ndi kucitapo kanthu nthawi isanathe.