Za Mutu wa Mwana ndi Chisoti Choutchinjiriza

Dziko la Thyolo, limene kale analikulemba Cholo, ndi dziko la mapiri ndi zitunda. Munthu wochokera ku Limbe akapitirira Bvumbwe aona minda ya tiyi yobiriwira irikukwera ndi kutsika pa zitunda zonse, ndipo pakati pa mindayo papita timisewu ta dothi lofiira, totsetsereka, timene titerera ngati therere pa nyengo ya dzinja ndi pa masiku a chiperoni. M'timisewu timeneti, ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makwasa ndi ku midzi yozungulira, ndimo musewera ana athu. Kuyambira December kufikira April, pamene tiyi aphuka kwambiri, amai ndi abambo alawira m'mamawa ndi dengu ku msana, ndipo ana atsala okha. Pamenepo mnyamata atenga njinga ya atate wache, yaikulu yoposa msinkhu wache, alowetsa mwendo pansi pa mtanda, akweza mlongo wache pa kaliyala, nayamba kutsika chitunda. Mabuleki anatha kale. Ife tonse taziona zimenezi, ndipo ambiri a ife tinaseka poziona.

Tsono tifuna kukamba nanu, abale athu, za mutu wa mwana, ndi za chisoti chimene anthu a masiku ano achitcha helemeti. Pakuti mkono ukathyoka adotolo aulunzanitsa, koma bongo ukavulala palibe mmisiri wodziwa kuubweza monga unaliri.

Bongo ndi chinthu chofewa ndithu, ndipo ukhala m'chigaza mozingidwa ndi madzi pang'ono. Mwana akagwa, mutu wache uima mwadzidzidzi pa mwala kapena pa tala, koma bongo m'katimo ukali kuyenda, nukagunda fupa la chigaza. Chifukwa chache mwana akhoza kuvulala koopsa ngakhale kunja kulibe bala ndi pang'ono pomwe. Mutu wa mwana ngwaukulu poyerekeza ndi thupi lache, khosi lache nlofooka, fupa lache nlopyapyala. Ndipo amai onse adziwa liwombo, limene silitsekeka kufikira mwana atakwana monga chaka chimodzi ndi theka. A bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, anena kuti ngozi za pa msewu ndizo zipha ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 koposa nthenda iriyonse.

Nzeru ya chisoti inayamba ndi maliro. M'chaka cha 1935, mwezi wa May, msilikali womveka wa ku England, dzina lache T. E. Lawrence, analikuthamanga pa njinga ya moto m'dziko la Dorset. Anatulukira anyamata awiri ali pa njinga zao zopalasa. Iye powapewa anagwa, namenya mutu, namwalira atapita masiku asanu ndi limodzi. Mmodzi wa madotolo amene anamsamala anali Hugh Cairns. Imfa imeneyi inamkhalitsa pansi, ndipo pa nkhondo yachiwiri anayamba kuwerenga asilikali onyamula makalata pa njinga za moto amene analikufa ndi mabala a m'mutu. M'chaka cha 1941 analemba zimene anapeza, ndipo chaka chomwecho akulu a nkhondo a ku Britain analamula kuti msilikali ali yense wokwera njinga ya moto avale chisoti. Kuyambira pamenepo anthu ophunzira awerenga ngozi zambirimbiri m'maiko osiyana, napeza kuti pa njinga ya moto chisoti chovala bwino chichepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi mabala a m'mutu ndi magawo 69 pa 100.

Nanga chisoti chigwira bwanji nchito yache? Ambiri ayesa kuti mphamvu yache iri m'chikamba cholimba cha kunja. Iai, iri m'kati. M'katimo muli chinthu choyera, chopepuka, chonga chija atchinjirizira wailesi yatsopano m'bokosi lache kuti isasweke pa ulendo. Mutu ukagunda pansi, chinthu chimenechi chifinyika, ndipo pofinyikapo mutu uima pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Chisoti chiphwanyika m'malo mwa mutu. Zisoti za njinga yopalasa zokhala ndi chinthu chimenechi zinayamba kufala m'chaka cha 1975, pamene a Bell ku America anatulutsa chao. Kulemera kwa zotere sikufika ndi theka la kilo lomwe.

Pa ichi titengapo mau awiri ofunika. Oyamba ndi akuti chisoti chimene chinagunda kale pansi mwamphamvu chatha nchito, chingakhale chioneka chatsopano; wogula pa kaunjika achitembenuze, ayang'ane m'kati ngati muli mng'alu kapena pofinyika. Achiwiri ndi akuti si chipewa chiri chonse chitchinjiriza bongo. Amai athu adziwa nkhata, imene igawa kulemera kwa mtsuko pa mutu wonse. Nzeru yache njabwino, koma nkhata siingalandire nkhonya ya tala. Momwemonso chipewa cha nsalu kapena cha thonje chiletsa zokalika ndi zotupa zokha. Chisoti chija cha Azungu akale oyang'anira minda ya tiyi chinali cha dzuwa. Ndipo chisoti cha amisiri omanga nyumba, chimene tiona anyamata ena a kabaza atachiika pa mutu popanda chingwe, anachikonza kuti chilandire njerwa yogwa kumwamba. Munthu akagwa pa njinga icho chiyamba kuuluka mwini wache asanafike pansi.

Chodabwitsa nchakuti ngakhale ku maiko a chuma, kumene zisoti ziri m'sitolo iri yonse, anthu ambiri achisiya ku nyumba. Ati chitentha, ati chilemera, ati ukatsika pa njinga ulibe pochiika. Chifukwa cha madandaulo amenewa amisiri ena anaganiza zopanga chisoti chopinda. Munthu wina wa ku England, Jeff Woolf, amene anapulumuka pa ngozi ya njinga, anapanga chisoti chotchedwa Morpher, chopindika nikhala chaphwatalala cholowa m'chikwama. Mnyamata wa ku India wophunzira ku London, Anirudha Surabhi, anapanga china cha makatoni olukana, atapenyetsetsa mutu wa mbalame ija igogoda mitengo tsiku lonse osamva litsipa. M'chaka cha 2016 mtsikana wa ku New York, Isis Shiffer, analandira mphotho ya James Dyson chifukwa cha chisoti cha mapepala, cholukidwa monga zisa za njuchi, chimene chipindika ngati buku, ndipo anafuna kuti chigulidwe pa mtengo wochepa. Ku Sweden akazi awiri, Anna Haupt ndi Terese Alstin, anapita patali koposa: anapanga chovala cha m'khosi chimene munthu akamagwa chifufuma ndi mpweya nichikuta mutu wonse. Anachitcha Hövding. Koma sanachilole kwa ana osafika zaka 15, mtengo wache unali waukulu, ndipo kampani yache inatsekedwa m'chaka cha 2023.

Nzeru zimenezi tizilemekeza, koma tiyesa kuti sanazipangire mwana wa ku Thekerani kapena wa ku Masambanjati. Anazipangira akulu a m'mizinda. Chisoti cha mapepala pa mvula ya ku Thyolo chingakhale masiku angati? Ndipo popinda pali ponse ndipo poyamba kufooka, makamaka m'manja mwa mwana amene adzachipinda ndi kuchifunyulula tsiku lonse ngati choseweretsa. Chitsanzo chotiyenera ife chiri ku Vietnam, dziko lotentha ndi lodzala njinga za moto. Kumeneko bungwe la AIP Foundation linayamba m'chaka cha 2000 kugawa zisoti kwa ana a sukulu, ndipo m'chaka cha 2002 linatsegula nyumba yopangiramo zisoti zopepuka, zokhala ndi mazenera olowa mphepo, zoyenera dziko la dzuwa. M'chaka cha 2007 boma la dzikolo linalamula kuti onse okwera njinga za moto azivala. Sichinali chisoti chopinda ai. Chinali chopepuka, chotsika mtengo, ndi cha saizi ya mutu wa mwana.

Saizi imeneyi tiinenetse. Malamulo a pa msewu a dziko lathu afuna chisoti pa woyendetsa njinga ya moto ndi pa wokwera yemwe. Koma wa kabaza akakhala nacho chachiwiri, nchachikulu, ndipo pa mutu wa mwana chigwedera ngati mphika pa chitsa. Chisoti choyenera chikhala chowongoka, chophimba mphumi, ndipo pakati pa nsidze ndi mlomo wache pangolowa zala ziwiri. Chingwe chimangidwe pansi pa chibwano kotero kuti chala chimodzi chokha nkulowa. Mwana apukuse mutu. Chisoti chikaseweraseweranso, nchachikulu. Khanda losafika chaka lisavekedwe chisoti konse, pakuti khosi lache silingachinyamule. Apa pali mau owawa kwa amai obereka mwana ku msana pa kabaza: palibe chovala chingamtchinjirize mwana ameneyo. Tidziwa kuti ku sikelo nkutali ndipo minibasi siifika ku midzi yonse. Koma mai ali ndi mphamvu ya kuuza woyendetsa kuti, “Achimwene, pang'onopang'ono, ndiri ndi mwana,” ndi kukana kukwera atatu pa njinga imodzi.

Za ndalama sitibisa: malipiro a wothyola tiyi ali ndi eni ache ambiri, ufa, sopo, yunifolomu. Koma njinga ya pa banja ndi imodzi, ndipo ana aikwera mosinthana. Chisoti chimodzi chokhala ndi chingwe chosintha, chopachikidwa pa chiwongolero, chikwanira ana awiri kapena atatu oyandikana msinkhu. Achisambitse m'kati kawirikawiri chifukwa cha nsabwe ndi chipere. Ndipo zitsulo za mabuleki nzotsika mtengo koposa chisoti. Bambo amene sangathe kugula chisoti mwezi uno ayambe ndi mabuleki lero.

Tsopano timve chinthu chimene ambiri sachiyembekeza. Pali masewero ena amene chisoti chisanduka msampha. Ku Sweden ndi ku Norway, ndi pambuyo pache ku America, ana ena anafa chifukwa anakwera m'mitengo ndi pa makwerero osewerera ali chivalire zisoti zao za njinga. Thupi linapyola pa mpata, chisoti chinakodwa, ndipo chingwe chinawapotola pa khosi. Chifukwa cha maliro amenewa a ku Sweden anakonza chomangira chobiriwira chimene chimasuka chokha chikakokedwa ndi kulemera kwa mwana, ndipo maiko a ku Ulaya anaika muyeso wapadera wa zisoti za ana aang'ono, wotchedwa EN 1080, kusiyana ndi EN 1078 wa okwera njinga onse. Ife kuno tiri ndi mango, mapeyala ndi magwafa, ndipo palibe mnyamata wa ku Thyolo amene sanakwerepo. Lamulo likhale limodzi lomveka: pa njinga vala, pa mtengo vula. Za mitengoyo mankhwala ache ndi ena: ndodo yaitali ya nsungwi yokolera zipatso, ndi kuchotsa miyala, njerwa ndi zitsa pansi pa mtengo umene ana aukonda.

Tsoka silinunkha, ndipo ngakhale m'banja losamala mwana adzagwa tsiku lina. Kugwa kwambiri kutha ndi chotupa ndi misozi. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira ikwanira. Koma pali fupa lina lopyapyala pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu, ndipo pansi pache papita mtsempha wa mwazi. Fupa limeneli likang'aluka mtsempha ung'ambika, mwazi nuyamba kudzala m'kati mwa chigaza pang'onopang'ono. Mwana adzuka, alankhula, kapena adya ndi nsima yomwe. Makolo nati wachira. Patapita maora owerengeka ayamba kuodzera, ndipo pofika m'mawa sadzukanso. Adotolo akampeza msanga atha kuchotsa mwaziwo, mwana nachira ndithu. Chimene chipha ndicho kuchedwa.

Chifukwa chache mwana wogunda mutu asasiyidwe yekha usana umenewo ndi usiku wache, ndipo mkulu amuyang'ane kangapo ali m'tulo, aone ngati apuma bwino ndi kudzuka pomdzutsa. Ngati anakomoka pogwa, kungakhale kanthawi kochepa. Ngati asanza kawiri kapena katatu. Ngati mutu ukulirakulira kuwawa. Ngati aodzera modabwitsa, asokoneza mau, ayenda dzandidzandi kapena agwidwa ndi zonga khunyu. Ngati m'khutu kapena m'mphuno mutuluka mwazi kapena madzi oyera. Ngati kamwana ka diso limodzi kakula koposa kanzache: musadikire kucha, musatemere mphini, musayese kuti ndi malungo. Mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Gogodani kwa mnansi amene ali ndi foni kapena galimoto, ungakhale usiku pakati. Ngati adandaula khosi kapena alephera kugwedeza miyendo, mumgoneke pa chitseko kapena pa thabwa, wina atagwira mutu kuti usapotoke, ndipo musamkhazike pa njinga. Pitani ku chipatala chimene chiri pafupi, kaya cha pa esiteti, kaya cha boma ku Thyolo, kaya ku Malamulo. Iwo akaona kuti nkofunika adzamtumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madotolo a bongo, ndi nyumba ya Mercy James yochitiramo ana opaleshoni, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2017.

Pofika kumeneko adzakufunsani ora limene mwana anagwa, kutalika kwa pamene anagwa, ndi kangati wasanza. Tengani mwana wina amene anaona kugwako, mumfunse mofatsa ndi kumlonjeza kuti sakwapulidwa. Pakuti ana obera njinga ya atate ao abisa msanga, nanena kuti mnzao anangopunthwa pa khomo.