Cifukwa Ciani Oyimba Amayenda?

Kodi munamvako za Shatel? Linali gulu la atsikana awiri oyimba a muno m'Zambia: Saboi Imboela ndi Barbara Njovu. Nyimbo zawo zinamveka kwambiri pa wailesi kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Oyimba akatulutsa cimbale catsopano, sakhala cabe panyumba. Amayenda m'matauni kuti anthu amve nyimbozo. Akacoka ku Lusaka kupita ku Chipata, amapita pano pa Rufunsa, mumsewu wa Great East.

Koma ulendo umadya ndalama. Pamafunika mafuta a galimoto, cakudya ndi malo ogona. Ndalamazo zimacokera ku matikiti. Anthu akalowa mahala, oyimba amabwerera cimanjamanja. Kuyimba nakonso ndi nchito!