Kuyenda ndawala kumathandiza ochira khansa ya m'matumbo

Anthu omwe achitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo ndi kumaliza kulandira mankhwala ali ndi mwayi waukulu wokhala ndi moyo nthawi yaitali ngati achita masewero olimbitsa thupi mosadukiza kwa zaka zingapo.

Izi zili chomwechi malinga ndi zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, zomwe zinatulutsidwa mu June 2025 pa msonkhano wa madotolo a khansa mu mzinda wa Chicago ku America, komanso kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine.

Khansa ya m'matumbo ndi yachitatu pa mitundu ya khansa yomwe imagwira anthu ambiri pa dziko lonse, ndipo ndi yachiwiri pa khansa zopha anthu ochuluka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation linati m'chaka cha 2022 anthu oposa 1.9 miliyoni anapezeka ndi matendawa, pamene oposa 900,000 anamwalira nawo.

Kafukufukuyu anayendetsedwa ndi bungwe la Canadian Cancer Trials Group motsogozedwa ndi Kerry Courneya wa pa yunivesite ya Alberta ndi Christopher Booth wa pa yunivesite ya Queen's m'dziko la Canada. Kuyambira 2009 mpaka 2024, odwala 889 analembedwa m'zipatala 55, zambiri mwa izo za ku Canada ndi Australia. Onsewa anali atachitidwa opaleshoni ndi kumaliza mankhwala a khansa.

Odwalawo anagawidwa mwa maere m'magulu awiri. Gulu loyamba linapatsidwa timabuku tofotokoza ubwino wa masewero olimbitsa thupi ndi kadyedwe koyenera. Gulu lachiwiri linalandira timabuku tomweto, koma aliyense anapatsidwanso mlangizi woti aziyenda naye limodzi pa ndondomeko ya zaka zitatu.

M'chaka choyamba wodwala ankakumana ndi mlangizi wake kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ankakumana naye kamodzi pa mwezi. Aliyense ankasankha yekha masewero omukomera, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala kwa mphindi 45 mpaka 60, katatu kapena kanayi pa sabata.

Patatha zaka zisanu, anthu 80 mwa 100 alionse a m'gulu lokhala ndi alangizi anali moyo popanda khansa kubwereranso, poyerekeza ndi anthu 74 a m'gulu la timabuku tokha. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, omwe anali ndi moyo anali 90 mwa 100 alionse m'gulu la alangizi, ndi 83 m'gulu linalo.

Kale, kuyambira cha m'ma 2006, panali kafukufuku wina woonetsa kuti ochira khansa ya m'matumbo omwe amalimbitsa thupi amakhalitsa. Koma ena ankati mwina anthuwo amayenda chifukwa ali kale ndi mphamvu. Kugawa odwala mwa maere n'komwe kunathetsa mtsutsowu, popeza magulu onse awiri anayamba ali ofanana.

Akatswiri amaganiza kuti kulimbitsa thupi kumathandiza kuti shuga ndi insulin zikhale pa mlingo woyenera m'magazi, kumachepetsa kutupa kwa m'kati mwa thupi, komanso kumalimbitsa chitetezo chomwe chimalimbana ndi timbewu ta khansa totsalira.

Phunziro lalikulu kwa okonza ndondomeko za umoyo ndi lakuti uphungu wa tsiku limodzi sukwanira. Onse anauzidwa kuti masewero ndi abwino, koma omwe anapitiriza pa mlingo wokwera kwa zaka zonse zitatu ndi omwe anali ndi munthu wowalondola, wowathandiza kuika chandamale cha sabata iliyonse ndi kupeza njira pamene mvula, ntchito kapena kutopa zawasokoneza.

Zolepheretsa zilipo ndithu. Ambiri amatuluka m'chipatala ali ofooka kwambiri, ena amamva dzanzi m'manja ndi m'mapazi kaamba ka mankhwala a oxaliplatin, ndipo ena amatsekula m'mimba pafupipafupi. Omwe anaikidwa thumba lotulutsira chimbudzi pamimba amachita manyazi kupita pagulu, ndipo amalangizidwa kupewa kunyamula zolemera bala lisanapole bwino.

Pa chifukwa ichi, wodwala ayenera kuyamba waonana ndi dotolo wake, kenako n'kuyamba pang'onopang'ono, mwina mphindi khumi patsiku, n'kumaonjezera. Mu kafukufukuyu, anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse a m'gulu la alangizi anadandaula za kuwawa kwa minofu ndi mafupa, poyerekeza ndi pafupifupi 12 a m'gulu linalo.

Malangizo a World Health Organisation a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu, kuphatikizapo yemwe wachira khansa, azilimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kupalasa njinga, kugwira ntchito m'dimba ndi kuvina zimawerengedwa, bola mtima ugunde mofulumirako.

Akuluakulu a m'maofesi nawo ali ndi mbali yawo. Wantchito yemwe wabwerera kuchokera ku chithandizo cha khansa akamaloledwa nthawi yoyenda ndi yokaonana ndi mlangizi, amathandizidwa pa chinthu chokhudza moyo wake weniweni. Achibale nawonso asamuumirize kukhala pa mkeka tsiku lonse poganiza kuti akumusamala.

Masewero salowa m'malo mwa opaleshoni, mankhwala kapena masiku okapimidwa kuchipatala. Aliyense woona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa sabata zingapo kapena kuonda kosadziwika bwino ayenera kuthamangira kuchipatala msanga.