Kusankha pikapu ya gitala ya kwaya pamene ndalama zili zochepa

Aliyense amene adapempherako m'tchalitchi cha malata ku Chamama, ku Santhe kapena ku Wimbe nthawi ya dzinja akulidziwa vutoli. Kwaya ili ndi anthu 40, ng'oma ziwiri ndi maseche, mvula ikugunda padenga, ndipo mnyamata wa gitala akumenya nsambo ndi mphamvu zake zonse, koma womumva ndi yekhayo amene waima naye pafupi. Popeza gitala ndiyo imapereka poyambira nyimbo, ikapanda kumveka amayi amayambira pawo, abambo pawonso, ndipo mpingo wonse umasowa wotsatira.

N'chifukwa chake msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, Akhristu n'kuyamba kupereka zomwe adalonjeza, makomiti ambiri a kwaya amaika pikapu pamndandanda wa zogula. Kuno ku Kasungu mawuwa amasokoneza, pakuti pikapu imene tonse timaidziwa ndi galimoto yonyamula mabelo. Imene tikunena pano ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo kapena kwa thabwa la gitala n'kukusandutsa magetsi ochepa kwambiri opita ku ampulifaya. Zipangizo zotere zimachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo womwe mudamva chaka chatha si wa lero. Kwaya yosonkha ndalama kamodzi pachaka ilibe mwayi wogula kawiri.

Musanafunse mtengo, yang'anani nsambo za gitala yanu. Tengani maginito, ngakhale a m'sipika ya wailesi yakufa, muwayandikize ku nsambo iliyonse. Akamata, nsambozo ndi zachitsulo. Akapanda kumata, ndi za nayiloni. Musanyengedwe ndi maso: pa gitala ya nayiloni nsambo zitatu zikuluzikulu zimaoneka ngati zachitsulo chifukwa zidakulungidwa ndi waya wa mkuwa, koma m'kati mwake ndi ulusi ndipo maginito sazikoka. Kuyesa kumeneku, komwe sikulira tambala, ndiko kumagamula theka la nkhani yonse.

Ngati nsambo ndi zachitsulo, mtundu woyamba kuuganizira ndi pikapu ya maginito, imene imapingasa pabowo la pamimba pa gitala, kunsi kwa nsambo. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wozungulizidwa kambirimbiri. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa magetsi otsatira kanjenjemeredwe ka nsamboyo. Nzeru imeneyi ndi yakale. George Beauchamp adaigwiritsa ntchito ku America mu 1931 pa gitala imene pambuyo pake idagulitsidwa ndi dzina la Rickenbacker, ndipo Harry DeArmond adapanga m'zaka zomwezo za m'ma 1930 pikapu yoti munthu amangirire pa gitala yomwe ali nayo kale.

Ubwino wake kwa ife ndi waukulu. Yambiri siifuna batire, siifuna kuboola thabwa, ndipo munthu amaiika kapena kuichotsa m'mphindi zochepa. Chachikulu n'chakuti imamva nsambo zokha. Siitola phokoso la ng'oma kapena la mvula, ndiponso sichedwa kupirira mukakweza mawu, osayamba kulira likhweru lija limene limatseketsa ana ndi kukwiyitsa agogo. Zoipa zake ziliponso. Mawu ake amapendekera ku gitala ya magetsi, ndipo kukoma kwa thabwa kumachepa. Nsambo ziwiri zing'onozing'ono, zomwe ndi chitsulo chokhachokha, zimamveka kuposa zinzake zokutidwa ndi mkuwa. Komanso pikapu ya nkhata imodzi ya waya imatola phokoso la magetsi, n'kumalira ngati njuchi, makamaka pafupi ndi inveta ya sola, jenereta kapena mawaya oikidwa mwachisawawa. Ya nkhata ziwiri, yotchedwa humbucker, idapangidwa kuti ithetse kulira kumeneku, ndipo ngakhale imakwererapo mtengo, m'matchalitchi athu ndalama yowonjezerayo siipita pachabe. Mwa mayina odziwika a mtundu wosafuna batire pali Fishman Neo-D, Seymour Duncan Woody ndi Dean Markley ProMag, ndipo pali zambiri za ku China zotsika mtengo zopangidwa mofanana. Musanapite kukagula, yezani kukula kwa bowo. Pa magitala aakulu limakhala pafupifupi masentimita 10, koma pa ang'onoang'ono pikapu ina siikwana.

Ngati nsambo ndi za nayiloni, pikapu ya maginito ndi yosathandiza ngakhale pang'ono, ndipo wogulitsa akakuuzani zina musamvere. Musayesenso kuchotsa nayiloni n'kuikapo zachitsulo kuti pikapuyo igwire ntchito. Nsambo zisanu ndi imodzi za nayiloni zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40, pamene zachitsulo zimafika cha m'ma 70. Gitala yopangidwira nayiloni siingapirire katundu wotere. Khosi limapindika, ndipo kathabwa komangirapo nsambo kamamatuka, makamaka m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala pamene thabwa lauma ndipo guluu wafooka.

Gitala yotere imafuna mtundu wachiwiri, wotchedwa piezo, umenenso umagwira ntchito pa nsambo zachitsulo. Mu 1880 abale awiri a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, adapeza kuti miyala ina ikapanikizidwa imatulutsa magetsi. Pikapu ya piezo ndi kachidutswa ka zinthu zotere, kamene kamamva kunjenjemera kwa thabwa. Kampani ya Ovation ndiyo idautchukitsa pa magitala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Masiku ano umabwera m'maonekedwe angapo: kambale konga ndalama yachitsulo komata pathabwa, kapani kokanikiza m'mphepete mwa bowo, kapena kachingwe kopyapyala kogoneka pansi pa kafupa koyera komwe nsambo zimatsamirapo.

Kambale ndi kapani ndizo zotsika mtengo kuposa mapikapu onse, ndipo apa ndi pomwe kwaya zambiri zimagwa m'mbuna. Piezo yopanda chothandizira ndi yofooka ngati madzi a m'chitsime chosaya: mukatunga ndi chitini amakwana, mukaikapo pampu chimaphwa. Akatswiri amayeza zimenezi ndi muyeso wotchedwa ohm. Piezo imafuna polowera pa ma ohm pafupifupi 1,000,000, monga pa ampulifaya ya gitala, pamene polowera wamba pa mikisa pamakhala cha m'ma 10,000. Mukailumikiza molunjika ku mikisa ya tchalitchi, mawu akuya onse amasowa, n'kutsala kamawu kowawa m'khutu ngati munthu akukanda lata. Ambiri amaganiza kuti agula yakufa, pamene chosowa ndi kabokosi kolimbitsa mawu kotchedwa preamp, kamene kamafuna batire ndipo nthawi zina kamadula kuposa pikapu yeniyeniyo. Choncho powerengera mtengo wa piezo phatikizanipo preamp, batire ndi chingwe, kenako muyerekeze ndi mtengo wa ya maginito. Kawirikawiri yomwe inkaoneka yotchipa imapezeka kuti ndiyo yodula. Dziwaninso kuti kambale kamamva chilichonse chokhudza gitala, batani la malaya, mphete, ngakhale ng'oma yoyandikira, ndipo guluu wake amalekeza kukatentha ndi kukachuluka fumbi.

Pali ma preamp ena otchipa, monga wodziwika ndi nambala ya EQ-7545R, amene amagulitsidwa pamodzi ndi kachingwe ka pansi pa kafupa. Akaikidwa bwino amamveka mokwanira ndipo ali ndi pochepetsera mawu. Koma kuwaika kumafuna kudula bowo lalikulu m'nthiti mwa gitala, kuboola pansi pa kafupa, kuboolanso polowera chingwe, ndi kupala kafupako kuti kagone mofanana. Kakapendekera pang'ono, nsambo ina imafuula, ina n'kumanong'ona. Tidaonapo gitala ya nthambi ina imene mmisiri wa mipando, munthu waluso pa ntchito yake, adaidula ndi tchizulo, ndipo mng'alu udayenda mpaka kumsana. Gitalayo idagulidwa ndi zopereka za mphakati. Ngati palibe mmisiri amene adaigwirapo ntchito yotere pa magitala, ndipo mwaiona ndi maso ntchito yakeyo, gitala ya mpingo isabooledwe.

Nkhani ya batire siyochepa kwa ife a kumidzi. Batire la mavoti 9 limapezeka pa boma, koma si m'golosale iliyonse ya ku Chulu kapena ku Chatoloma. Pa ma preamp ambiri, chingwe chikangolowa batire limayamba kudyeka, ngakhale gitala ili chete. Woimba akaiwala kuzula chingwe Lamulungu, angadzapeze batire latha pa tsiku la Ubatizo kapena la Ulimbitso. Batire lakutha likasiyidwa m'kati limatha kuchucha n'kuwononga tizitsulo.

Ena amafunsa ngati sikokwanira kungoimika mayikolofoni patsogolo pa gitala. Ngati muli nayo yapadera, yesani, ndipo muilozetse pomwe khosi limakumana ndi mimba, osati pabowo. Mawu ake ndi okoma kuposa a pikapu iliyonse yotchipa. Vuto n'lakuti imatolanso ng'oma ndi kwaya, ndipo m'nyumba ya malata ndi simenti imafulumira kulira likhweru.

Pa zonsezi, maganizo athu ndi awa: kwa kwaya ya kunthambi yokhala ndi gitala ya nsambo zachitsulo, pikapu ya maginito ya nkhata ziwiri, yosafuna batire, ndiyo yoyenera. Kwa gitala ya nayiloni, kambale kapena kapani ka piezo pamodzi ndi preamp ya kunja yokoleka palamba. Mulimonsemo, woimba akhale ndi pochepetsera mawu pafupi ndi dzanja lake, kaya papikapu, pa preamp kapena pa ampulifaya. Ichi si chongokometsera. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1963 udalola zoimbira zina kuwonjezera pa limba, pa chilolezo cha akuluakulu a Mpingo a m'dera, ndipo malangizo a Musicam Sacram a mu 1967 adafotokoza kuti zoimbira zizichirikiza mawu a anthu popanda kuwaphimba, ndi kuti zizikhala chete pamene wansembe akunena mokweza mapemphero a udindo wake. Gitala yokuzidwa imene mwini wake sangathe kuichepetsa msanga imalephera pa mfundo zonse ziwiri.

Tsiku logula, kaya ndi pa boma pompano kapena ku Lilongwe, pitani ndi gitalayo, ndipo ngati n'kotheka ndi ampulifaya yomwe mumagwiritsa ntchito. Imbani nsambo imodziimodzi kuti mumve ngati zikufanana mphamvu. Gwirani nsambo zonse ndi chikhatho, mukweze mawu, mumvere ngati pali kulira kwa njuchi. Gwedezani chingwe pomwe chalowera, pakuti zinthu zotchipa zimayamba kufera pamenepo. Chingwe chisapitirire mamita 5 kapena 6, chifukwa chikatalika mawu amazilala ndipo phokoso limachuluka. Mukaona pikapu yolembedwa dzina la kampani yotchuka koma mtengo wake uli wa tomato, dziwani kuti zachinyengo zilipo zambiri pamsika, ndipo kuli bwino kugula yopanda dzina pamtengo wake woona. Landirani lisiti m'dzina la kwaya, msungichuma alisunge.

Mukafika kwanu, yesani pa phunziro la kwaya la Loweruka, osati pa Misa. Sipika iikidwe kutsogolo kwa woimba, yoloza kwa anthu, kuti mawu ake asabwerere m'mimba mwa gitala. Katekisiti akaime pakhomo la kumbuyo, kwaya iyimbe ndi ng'oma zomwe, ndipo mukweze pang'onopang'ono mpaka iye atakweza dzanja kuti gitala yamveka koma mawu a nyimbo akumvekabe onse. Pamenepo lembani chizindikiro ndi utoto pa chokwezeracho.