Kabuku ka Anne Frank ndi mayi amene anakasunga

Mumzinda wa Amsterdam, m'dziko la Netherlands, pa Prinsengracht 263, pali nyumba imene kuyambira 1960 ndi malo osungirako mbiri. Alendo amapitako kukaona kabuku kamodzi ka chikuto cha nsalu yofiira ndi yoyera, kosungidwa m'bokosi lagalasi.

Mwini wake anali Anne Frank, mtsikana Wachiyuda, amene anakalandira pa 12 Juni 1942, tsiku limene anakwanitsa zaka 13. Pa 6 Julayi chaka chomwecho banja lake linakabisala m'zipinda zakumbuyo kwa nyumbayi pothawa a Nazi a ku Germany, amene ankasaka Ayuda. Onse obisala anakwana 8. Kwa zaka ziwiri Anne ankalemba za mantha, mikangano ya m'nyumba ndi khumbo lake lodzakhala mlembi. Kabukuko katadzaza, anapitiriza m'makope ndi pamapepala.

Pa 4 Ogasiti 1944 apolisi anawatulukira ndi kuwagwira onse. Anne anamwalira kumayambiriro kwa 1945 kundende ya Bergen-Belsen, ali ndi zaka 15.

Nanga zolemba zake zinapulumuka bwanji? Mayi Miep Gies, wantchito wa bambo a Anne, amene ankawapezera chakudya mobisa, analowa m'zipindamo ndi mnzake Bep Voskuijl, natola mapepala amene anamwazikana pansi. Anawasunga m'desiki lawo osawawerenga, poti anali zakukhosi za mwana, ndipo ankayembekeza kudzamubwezera m'manja. Zitadziwika kuti Anne sadzabweranso, anawapereka kwa bambo ake, a Otto Frank, okhawo amene anapulumuka mwa anthu 8 aja. Bukulo linasindikizidwa mu 1947.

Owerenga okondedwa, timakonda kutama luso la mtsikanayu, ndipo nkoyenera. Koma tisaiwale kuti mawu ake atifika chifukwa wina anakhulupirika pa chinthu chosakhala chake, pa nthawi imene kuthandiza Myuda kukanamutengera kundende. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi Gies anachita zomwezo popanda wowaona.

Nafenso timasungitsidwa zinthu: chinsinsi cha mnzathu, katundu wa ana amasiye, mbiri ya amene anatisiya. Eni ake ena sadzabweranso kudzatifunsa. Tidzifunse tokha: kodi zimene zili m'manja mwathu zidzafika kwa oyenera zili zonse?