Zithunzi za pa Galasi

Lero tikamba za zithunzi zakale zojambulidwa pa galasi.

Filimu isanafale, ojambula anali kugwiritsa nchito magalasi opakidwa mankhwala a siliva. Frederick Scott Archer anaonetsa njira imeneyi mu 1851, koma galasi linayenera kujambulidwa likali lonyowa. Mu 1871 Richard Maddox anapeza njira ya galasi louma, ndipo anthu wamba anayamba kujambula.

Mmodzi wa ojambula oyamba a Ciafrika anali Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission. Nchito yace ya tsiku ndi tsiku inali yosindikiza mabuku, ndipo kujambula anali kucita pambali. Iye ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lace. Calici ca Chilembwe ku Mbombwe cinagwetsedwa ndi asilikali mu 1915, koma pa cithunzi cikali ciimire.

Tsono inu opita ku chuti kwa Mlolo ku Chadiza, mukapeza galasi lotere m'bokosi la agogo, musalitaye. Liyang'aneni poyera: munthu wakuda aoneka woyera, thambo lioneka lakuda, pakuti pa galasi zonse zitembenuka. Musalitsuke ndi madzi, cifukwa mankhwala angasupuke, nkhope ya mwini wace ndi kutayika. Ligwireni m'mbali, likulungeni m'pepala loyera, muliimike ciriri pouma. Funsani akulu maina a anthuwo akali moyo, ndipo mudziwitse a ku Livingstone Museum.

Tsalani bwino.